Momwe Mayunivesite Amakonzera Ndandanda wa Maphunziro ndi Kugawa Zipinda

Ndandanda wa maphunziro a pa yunivesite ndi chikalata chomwe chimasonyeza kuti kozi iliyonse idzaphunzitsidwa tsiku liti, ola lanji, m'chipinda chiti komanso ndi mphunzitsi uti. Ophunzira amaupeza utamatidwa pa bolodi ya zidziwitso kapena utatumizidwa pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo semesita ikamayamba, ndipo ambiri amangoyang'ana mizere yowakhudza n'kumapita. Komatu pa pepala limeneli ndi pomwe chuma cha yunivesite chimagawidwa zenizeni. Bajeti imakamba za ndalama, malamulo amakamba za zofunika kuti munthu alandire digiri, koma ndandanda ndi umene umagamula kuti holo yaikulu ipita kwa yani Lolemba m'mawa, kuti labotale itsegulidwira gulu liti, ndiponso ngati wophunzira wokhala kutali adzafike kwawo dzuwa likadalipo kapena kutada.

Ntchito imeneyi ndi yosiyana kwambiri ndi ya ku sekondale. Ku sekondale ana a Fomu 3 amakhala m'chipinda chawo pafupifupi tsiku lonse, aphunzitsi n'kumasinthana kulowa. Pa yunivesite oyendayenda ndi ophunzira, ndipo anthu awiri a chaka chimodzi akhoza kukhala ndi makozi osiyana. Ku University of Malawi ku Zomba, wophunzira za uphunzitsi amene akufuna kudzaphunzitsa masamu ndi physics amakhala m'kalasi imodzi ndi anzake a digiri ya sayansi pa maphunziro awiriwo, kenako n'kupita ku makozi a uphunzitsi komwe amakumana ndi ena omwe akukonzekera kudzaphunzitsa mbiri yakale kapena Chichewa. Choncho ola la kozi ya masamu limakhudza nthambi ya uphunzitsi, ndipo ola la kozi ya uphunzitsi limakhudza pafupifupi nthambi zonse. Kusuntha kalasi imodzi kumagwedeza makalasi ena ambiri omwe wosunthayo sanawaganizire n'komwe.

Zonse zimayambira pa kalendala ya chaka. Bungwe lalikulu loyang'anira maphunziro pa yunivesite, lomwe limatchedwa Senate, limavomereza masiku otsegulira ndi otsekera, masabata ophunzitsa, masiku okonzekera mayeso ndi masiku a mayesowo. Mayunivesite ambiri amagawa chaka m'masemesita awiri, ndipo semesita iliyonse imakhala ndi masabata ophunzitsa apakati pa 12 ndi 15. Kenako sabata imagawidwa m'maola. Mwachitsanzo, yunivesite yomwe imaphunzitsa maola 9 patsiku kwa masiku 5 imakhala ndi mipata 45 pa sabata. Mipata imeneyi ndiyo munda wonse womwe wokonza ndandanda ali nawo, ndipo chilichonse chiyenera kukwana momwemo.

Kozi iliyonse imabwera ndi kulemera kwake, komwe kumayezedwa m'makirediti. Muyezo wowerengera maola a m'kalasi unafala kuchokera ku America, komwe bungwe la Carnegie Foundation linaukhazikitsa mu 1906. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito njira ya ECTS, yomwe imaika makirediti 60 pa chaka chimodzi cha maphunziro, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito yonse ya wophunzira, kuphatikiza kuwerenga payekha. Kwa wokonza ndandanda, chofunika n'kudziwa kuti kozi yakutiyakuti imafuna maola angati a lekicha, angati a kukambirana m'timagulu, ndiponso angati a m'labotale. Kozi imodzi ya chemistry ya chaka choyamba ikhoza kukhala ndi malekicha atatu pa sabata, omwe onse amaphunzira limodzi, koma ngati ophunzira alipo 300 ndipo labotale imalowa anthu 30, pamafunika magulu 10, gulu lililonse ndi maola ake atatu otsatizana. Awa ndi maola 30 a labotale pa kozi imodzi yokha, mwa mipata 45 ya sabata yonse.

Miyezi ingapo semesita isanayambe, ofesi yokonza ndandanda, yomwe kawirikawiri imakhala pansi pa rejisitara kapena komiti ya nthumwi za nthambi zonse, imapempha madipatimenti kuti atumize zomwe adzaphunzitse. Mkulu wa dipatimenti amalemba makozi, aphunzitsi ake, chiwerengero cha ophunzira omwe akuyembekezeka, ndi mtundu wa chipinda chofunika. Gawo limeneli limaoneka lopepuka, koma zovuta zambiri za ndandanda zimabadwira pomwepa. Dipatimenti ikalemba kuti ophunzira adzakhala 80 koma n'kubwera 140, kalasiyo imapatsidwa chipinda chomwe theka la anthu adzaimirira pakhonde. Ikachedwa kutumiza, makozi ake amalowa m'mipata yotsala, yomwe imakhala madzulo kwambiri kapena Lachisanu masana. Palibe kompyuta yomwe ingakonze chiwerengero cholakwika. Imangochigwiritsa ntchito monga yachilandirira.

Pali njira ziwiri zoyambira. Yoyamba ndi kukonza ndandanda ophunzira asanalembetse, potengera ndondomeko ya digiri iliyonse: makozi onse okakamiza a chaka chachiwiri cha uinjiniya, mwachitsanzo, sayenera kuwombana. Njirayi ndiyo yofala kumene wophunzira sakhala ndi ufulu wambiri wosankha makozi. Yachiwiri ndi kudikira kuti aliyense asankhe kaye makozi ake, kenako n'kukonza ndandanda wolola anthu ochuluka kuphunzira zomwe asankha. Iyi imakomera wophunzira koma imafuna kuti kulembetsa kuthe msanga. Kumene ophunzira ambiri amachedwa kulembetsa chifukwa chodikira ngongole ya boma kapena kusakasaka fizi, monga zimachitikira ku Malawi, njira yachiwiriyi imavuta kutsatira, ndipo wokonza amakakamizika kungoyerekeza chiwerengero potengera cha chaka chatha.

Akatswiri amagawa malamulo a ndandanda m'magulu awiri. Alipo malamulo osaphwanyika: mphunzitsi sangakhale m'zipinda ziwiri nthawi imodzi, chipinda chimodzi sichingalandire makalasi awiri, wophunzira sangayembekezeredwe pa makozi awiri okakamiza ola lomwelo, ndipo ntchito ya m'labotale singachitikire m'chipinda chopanda madzi, gasi ndi zipangizo. Ndandanda wophwanya limodzi la malamulo awa ndi wosagwira ntchito. Ndiye palinso zofuna zomwe n'zabwino kuzikwaniritsa koma zikhoza kusiyidwa pakavuta. Gulu lisaphunzire maola asanu otsatizana popanda kupuma. Pasakhale kalasi imodzi m'mawa kwambiri ndi ina madzulo, pakati ponsepo popanda kanthu. Malekicha atatu a kozi imodzi agawidwe m'masiku osiyana kuti wophunzira apeze nthawi yowerenga. Mphunzitsi akhale ndi tsiku limodzi lochita kafukufuku. Makalasi otsatizana asakhale m'nyumba zotalikirana moti munthu sangafike pa nthawi yake.

Zofuna zimenezi zimalimbana zokhazokha. Kupatsa mphunzitsi tsiku lopanda kalasi kumapanikiza maola ake m'masiku anayi otsalawo, ndipo ophunzira ake ndi amene amatopa. Kuchotsa mipata yaitali pa tsiku la ophunzira kumafuna kuti makalasi ambiri achitike pakati pa tsiku, nthawi yomwe zipinda zonse zimakhala zodzaza kale. N'chifukwa chake ndandanda wosangalatsa aliyense kulibe. Chomwe chimatheka ndi kusankha kuti vuto ligwere ndani komanso likhale lalikulu bwanji, ndipo chisankho chotere si cha masamu okha. Chimafuna kuti akuluakulu a yunivesite anene poyera zomwe akuziika patsogolo.

Masamu a nkhaniyi ndi ochititsa chidwi. Tiyerekeze kuti pali makalasi 100 okha oti aikidwe m'mipata 45. Njira zonse zowaikira, zabwino ndi zoipa zomwe, ndi 45 kuchulukitsa ndi 45 mpaka ka 100, nambala yomwe ili ndi madijiti 166. Kompyuta yothamanga kuposa zonse singathe kuyesa njira zonsezi imodzi ndi imodzi, ngakhale itapatsidwa zaka mamiliyoni. Yunivesite yeniyeni imakhala ndi makalasi masauzande pa sabata, ndipo pamwamba pa nthawi pamafunikanso kusankha chipinda.

Akatswiri a masamu amaliona vutoli ngati la kupaka mitundu. Kozi iliyonse imajambulidwa ngati kadontho, ndipo makozi awiri omwe ali ndi wophunzira kapena mphunzitsi mmodzi amalumikizidwa ndi mzere. Ola lililonse limaimiridwa ndi mtundu wake. Ntchito ndi kupaka timadontho tonse moti tiwiri tolumikizana tisakhale ndi mtundu umodzi, pogwiritsa ntchito mitundu yosapitirira maola omwe alipo. Mu 1967, D. J. A. Welsh ndi M. B. Powell anafalitsa njira yosavuta yochitira izi: kuyamba ndi kadontho komwe kali ndi mizere yambiri, kenako kutsika mpaka kumene kali ndi yochepa. Ndi nzeru yomwe okonza ndandanda pamanja amaidziwa kale, yakuti kozi yovuta kuika iyambe kuikidwa mipata ikadali yambiri. Kozi ya luso la chilankhulo ndi kulemba, yomwe pafupifupi aliyense wa chaka choyamba amatenga, imaikidwa poyamba. Kozi ya chaka chachinayi ya anthu 12 imapeza malo pambuyo. Mu 1976, Shimon Even, Alon Itai ndi Adi Shamir anasonyeza kuti vuto la ndandanda lili m'gulu la mavuto otchedwa NP-complete, omwe mpaka lero palibe amene wapeza njira yachangu yowathetsera nthawi zonse akakula.

Pachifukwa ichi mapulogalamu a kompyuta sasakasaka ndandanda wopambana onse. Amayamba ndi ndandanda wina uliwonse wosaphwanya malamulo akuluakulu, kenako amapereka chilango cha mapointi pa chofuna chilichonse chomwe sichinakwaniritsidwe. Akatero amasuntha kalasi imodzi kapena kusinthanitsa awiri, n'kuona ngati mapointi atsika. Amabwereza zimenezi kambirimbiri m'mphindi zochepa. Njira zina zimalola dala kuti ndandanda uipirepo kwakanthawi, chifukwa nthawi zina njira yopita ku ndandanda wabwino imadutsa pa woipa. Amene amaika kukula kwa chilango chilichonse ndi anthu. Yunivesite ikaika chilango chachikulu pa kusokoneza mphunzitsi ndi chaching'ono pa kusokoneza wophunzira, kompyuta idzatulutsa ndandanda wokomera aphunzitsi, ndipo sidzakhala italakwitsa.

Kafukufuku wa nkhaniyi ali ndi msonkhano wake wa padziko lonse, wotchedwa PATAT, womwe unayamba ku Edinburgh mu 1995. Palinso mpikisano wa International Timetabling Competition, momwe magulu a akatswiri amapatsidwa mavuto ofanana n'kuona amene apeze ndandanda wabwino. Mpikisano wa 2007 unagwiritsa ntchito, mwa zina, mavuto enieni a University of Udine ku Italy, ndipo wa 2019 unatenga mavuto a mayunivesite a m'maiko osiyanasiyana omwe amagwiritsa ntchito pulogalamu ya UniTime. Pulogalamu imeneyi inayambira ku Purdue University ku America ndipo imapezeka mwaulere. Ina yaulere ndi FET, yomwe inalembedwa ndi Liviu Lalescu wa ku Romania, ndipo masukulu ndi makoleji ambiri amaigwiritsa ntchito. Choncho mtengo wa pulogalamu si chopinga chachikulu. Chosowa kawirikawiri ndi munthu wophunzitsidwa bwino, wopatsidwa nthawi yokwanira ndi mphamvu zofunsa madipatimenti ziwerengero zoona.

Zipinda ndiye pagona mkangano waukulu. Kagwiritsidwe ntchito ka chipinda kamayezedwa ndi zinthu ziwiri: kuchuluka kwa maola omwe chipinda chili ndi kalasi, ndi kuchuluka kwa mipando yomwe yakhalidwa pa maolawo. Chipinda chomwe chagwira ntchito maola 30 mwa 40 chafika pa 75 peresenti. Ngati chili ndi mipando 100 koma mumakhala anthu 60, apo ndi 60 peresenti. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka 45 peresenti, kusonyeza kuti mwayi woposa theka ukutayika ngakhale chipindacho chikuoneka chotanganidwa. Muyezo umenewu umaulula kuti yunivesite ikhoza kusowa malo ndi kuwononga malo nthawi imodzi. Makalasi akuluakulu a chaka choyamba amalimbirana maholo awiri kapena atatu, pamene tizipinda ta anthu 30 tili pululu. Kapena zipinda zonse zimadzaza kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, koma Lachisanu masana mulibe munthu.

Ku Malawi vutoli lili ndi mbiri yake. Chancellor College, yomwe lero ndi University of Malawi, inasamukira ku Zomba mu 1973, pa nthawi yomwe ophunzira a yunivesite m'dziko lonse anali ochepa kwambiri, ndipo zipinda zambiri zinamangidwa moganizira makalasi ang'onoang'ono. Kuchokera nthawiyo chiwerengero chakwera kwambiri. Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999 m'nyumba zomwe kale zinali za koleji yophunzitsa aphunzitsi. Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala gawo la LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Nyumba zatsopano zamangidwa m'masukulu amenewa, koma kumanga kumatenga zaka pamene kuwonjezera ophunzira kumangofuna chigamulo cha chaka chimodzi. Kusiyana kwa liwiro kumeneku kumagwera pa tebulo la wokonza ndandanda, amene amatalikitsa tsiku, kugawa kalasi pawiri kuti mphunzitsi aphunzitse zomwezo kawiri, kapena kusandutsa holo ya misonkhano kukhala kalasi.

Funso lina ndi lakuti mwini chipinda ndani. M'mayunivesite ambiri dipatimenti iliyonse imaona zipinda za m'nyumba yake ngati zake, ndipo imasunga makiyi. Kwa malabotale izi n'zomveka, chifukwa muli mankhwala ndi zipangizo zodula zomwe zimafuna woyang'anira. Koma kwa zipinda wamba, kafukufuku ndi zochitika m'maiko ambiri zimasonyeza kuti kuziika zonse m'manja mwa ofesi imodzi kumachepetsa kuwonongeka kwa malo. Vuto lodziwika ndi la kusungitsa chipinda popanda kuchigwiritsa ntchito: dipatimenti imapempha maola ambiri poopa kusowa, kapena kalasi imasinthidwa popanda kuuza ofesi, ndipo pa pepala chipinda chimaoneka chodzaza chili chopanda munthu. Zili ngati mlimi wa pa sikimu ya mthirira amene wagwira nthawi yake ya madzi koma osathirira, pamene mnzake wa kumunsi kwa ngalande mbewu zikumufotera. Mayunivesite ena amatumiza anthu kuzungulira zipinda zonse kwa sabata imodzi, ola ndi ola, kuwerenga amene alimo, ndipo zotsatira zake zimathandiza kudziwa ngati pakufunikadi nyumba yatsopano kapena kungogawa bwino zomwe zilipo.

Aphunzitsi nawo ndi chuma chogawidwa. Ntchito ya lekichara ili ndi mbali zitatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku ndi kutumikira anthu a kunja kwa sukulu, ndipo ena amasenzanso maudindo a utsogoleri. Kuwerenga maola a m'kalasi okha kumasocheretsa. Amene akuphunzitsa maola 6 kwa anthu 400 ali ndi mapepala 400 oti achonge pa ntchito iliyonse yomwe wapereka, pamene wa maola 9 kwa anthu 20 ali ndi ochepa. Amene akuyang'anira kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri amathera nthawi yambiri yomwe siyioneka pa ndandanda. Pofuna chilungamo, mayunivesite ambiri ali ndi ndondomeko yowerengera ntchito yomwe imapereka mapointi pa kukonzekera, kuchonga, kuyang'anira ndi maudindo. Popanda ndondomeko yotere, makalasi akuluakulu amakonda kugwera aphunzitsi achinyamata, omwenso ndi amene akufunika nthawi yolemba kafukufuku kuti akwezedwe. Dipatimenti yomwe ena mwa anthu ake apita kukachita PhD kunja imadalira aphunzitsi a ganyu ochokera ku makampani, ku boma kapena ku mayunivesite ena, ndipo awa amapezeka madzulo kapena kumapeto kwa sabata basi. Nthawi yawo imasanduka lamulo losaphwanyika lomwe ndandanda wonse uyenera kulizungulira.

Si maphunziro onse amene amachitikira pa sukulu, ndipo amene amachitikira kunja amatsata kalendala ya eni malowo. Ophunzira za udokotala ndi unamwino amagawidwa m'timagulu tomwe timazungulira mawodi a zipatala monga Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe: masabata angapo kwa ana, angapo kwa amayi oyembekezera, angapo ku opaleshoni. Kukula kwa kagulu kumadalira chiwerengero cha madokotala oyang'anira ndi ulemu woyenera kwa wodwala, amene sangazunguliridwe ndi anthu 30 pa bedi. Ophunzira za uphunzitsi ayenera kupita kukayeserera kuphunzitsa nthawi yomwe masekondale ali otsegula, ndipo aphunzitsi awo amafunika galimoto ndi mafuta kuti akawaone. Ku Bunda, maphunziro a mbewu za kumunda amatsata mvula. Chimanga sichingadikire kuti semesita iyambe. Ophunzira uinjiniya amafuna miyezi yokagwira ntchito ku makampani. Zonsezi zimaikidwa pa kalendala poyamba, zina n'kumabwera pambuyo.

Ndandanda wa mayeso ndi ntchito ina payokha. Pa mayeso aliyense amakhala motalikirana ndi mnzake, choncho chipinda chimalowa anthu ochepa kuposa nthawi ya lekicha, koma mayeso angapo akhoza kuchitikira m'holo imodzi. Onse olemba pepala limodzi ayenera kuyamba nthawi imodzi kuti mafunso asatuluke, ngakhale atagawidwa m'zipinda zisanu, ndipo chipinda chilichonse chimafuna oyang'anira ake. Cholinga chachikulu ndi chakuti wophunzira asalembe mapepala awiri tsiku limodzi kapena atatu m'masiku awiri. Mapepala a makalasi akuluakulu amaikidwa koyambirira kuti ochonga apeze nthawi. Amene amavutitsa kwambiri ndi obwereza kozi ya chaka cham'mbuyo, chifukwa munthu mmodzi yekha wa chaka chachitatu amene akubwereza kozi ya chaka chachiwiri amalumikiza mindandanda iwiri yomwe ikanakhala yosakhudzana. Anthu otere akachuluka, mipata yomasuka imatha msanga.

Kalendala ikasokonekera, zonsezi zimayambiranso. Mu 2011 maphunziro ku Chancellor College anaima kwa miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi pophunzitsa. Mu March 2020 boma linatseka masukulu onse chifukwa cha Covid-19, ndipo atatsegulidwa panali lamulo lokhala motalikirana, lomwe linachepetsa anthu olowa m'chipinda chilichonse. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anaimitsa maphunziro m'madera a kumwera. Kutseka kotere sikutha tsiku lotsegulira. Ophunzira atsopano amakhala atasankhidwa kale pamene akale sanamalize, tchuthi chimafupikitsidwa, ndipo nthawi zina magulu awiri amafuna zipinda, mahositelo ndi malabotale omwewo. Zimatenga zaka zingapo kuti kalendala ibwerere m'malo mwake. Kuzimazima kwa magetsi nako kumasokoneza mwakachetechete: ntchito ya m'labotale ya makompyuta ikalephereka Lachiwiri, gululo lilibe mpata wina, chifukwa maola onse a labotaleyo anagawidwa kale.

Pali anthu ena omwe ndandanda ungawathandize kapena kuwapweteka kuposa anzawo, ndipo wokonza wosamala amawaganizira kuyambira pachiyambi. Wophunzira woyenda pa njinga ya olumala sangafike m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yopanda chikepe, choncho makalasi ake onse ayenera kukhala pansi. Wosaona amafuna nthawi yowonjezera pa mayeso ndi chipinda chokhala ndi zipangizo zake. Popeza mahositelo sakwana, ophunzira ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, ndipo kalasi yotha usiku imawaika pa chiopsezo panjira, makamaka atsikana. Asilamu amafuna mpata wa mapemphero Lachisanu masana, a Seventh-day Adventist sangaphunzire kapena kulemba mayeso Loweruka, ndipo makalasi a kumapeto kwa sabata, omwe amathandiza anthu apantchito, amakumana ndi funso limeneli mwachindunji. Ku Britain mayunivesite ambiri amasiya Lachitatu masana opanda makalasi kuti ophunzira achite masewero. Mwambowu umadya mipata, komabe amausunga chifukwa amaona kuti moyo wa wophunzira suthera m'kalasi.

Kuseri kwa zipinda ndi aphunzitsi kuli ndalama. Mayunivesite ena amagawira nthambi zawo potengera zomwe zinalandira chaka chatha, n'kuwonjezera pang'ono. Njirayi ndi yosavuta koma imasiya nthambi yomwe ikukula msanga ili ndi ndalama za kale. Ena amagawa powerenga ophunzira, koma amazindikira kuti wophunzira za udokotala kapena uinjiniya amadya ndalama zambiri kuposa wa malamulo kapena mbiri yakale, chifukwa cha malabotale, mankhwala ndi timagulu ting'onoting'ono. Ku South Africa boma limaika maphunziro m'magulu anayi a mtengo wosiyana pogawa thandizo ku mayunivesite. M'kati mwa yunivesite mumabukanso funso la makozi omwe dipatimenti imodzi imaphunzitsira ophunzira a nthambi zina. Dipatimenti ya masamu ikhoza kukhala ndi ophunzira ake ochepa koma n'kumaphunzitsa mazanamazana a nthambi zina, ndipo ndalama zikamatsata digiri m'malo motsata kozi, dipatimentiyo imagwira ntchito yaikulu ndi chuma chochepa. Ku Malawi, National Council for Higher Education imayendera mayunivesite isanavomereze maphunziro awo, ndipo mwa zomwe imaona ndi aphunzitsi, zipinda, malabotale ndi laibulale poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira.

Maphunziro a pa intaneti ndi a patali, omwe Mzuzu University, LUANAR ndi ena akhala akuwakulitsa, amachepetsa kupanikizana m'zipinda koma amabweretsa zosowa zina. Ophunzira a patali amabwera pa sukulu kwa masabata ochepa, kawirikawiri anzawo ali pa tchuthi, ndipo izi zimatanthauza kuti nyumba ndi aphunzitsi sapuma, ndiponso nthawi yokonza zowonongeka imachepa. Kalasi ya pa intaneti siyifuna chipinda chophunzitsira, koma wophunzira amene ali pa sukulu amafunabe pokhala, pochajira ndi netiweki yodalirika, makamaka ngati ola lotsatira ali ndi kalasi ya maso ndi maso.

Ndandanda woyamba umatuluka ngati woyeserera, ndipo madipatimenti ndi oimira ophunzira amapatsidwa masiku angapo kuti anene pomwe pali kuwombana. Madandaulo amasefedwa: kuwombana kwenikweni kumakonzedwa msanga, koma pempho longofuna kupewa kalasi ya m'mawa limafuna chifukwa chomveka. Ndandanda womaliza ukatuluka, kusintha kulikonse kumayenera kudutsa ku ofesi imodzi, chifukwa mphunzitsi akangogwirizana ndi kalasi yake kusuntha ola mwamseri, amalanda chipinda cha ena kapena kusiya kunja ophunzira ochepa omwe ali ndi kozi ina pa olalo. Pakatha masabata awiri kapena atatu, kulembetsa kukatsekedwa, ofesi imafananitsa ziwerengero zenizeni ndi zoyerekeza zija, n'kusinthanitsa zipinda pomwe kalasi yakula kapena yachepa. Ziwerengero zimenezi zimasungidwa, ndipo ndizo zimakhala poyambira pokonza ndandanda wa chaka chotsatira komanso umboni womwe yunivesite imapita nawo ku boma popempha ndalama zomangira holo kapena zolembera aphunzitsi ena.